Makina osefa magazi alipo, nanga owayendetsa ali kuti?

Funso

Adokotala, amuna anga impso zawo zinasiya kugwira ntchito miyezi isanu yapitayo. Kuchipatala anatiuza kuti ayenera kumasefedwa magazi katatu pa sabata, koma mpata akuupeza kawiri kokha, masabata ena kamodzi. Chimene chikundiwawa n'chakuti m'chipinda chomwecho muli makina atatu amene angokhala, atawafunditsa nsalu. Nditafunsa anandiyankha kuti makinawo ndi abwinobwino, koma palibe anthu owayendetsa. Kodi zimenezi zingakhale zoona, kapena akungotizemba? Nanga vutoli lili konsekonse, kapena ndi tsoka lathu lokha?

Yankho

Mayi, pepani kwambiri ndi matendawa. Miyezi isanu yoperekeza wodwala ku dialysis, komwe ndi kusefa magazi kuja, si masewera, ndipo ndikudziwa mmene mtima umawawira munthu akaona makina ali phee pakona pamene mwamuna wake akupuma mobanika. Yankho limene anakupatsanilo ndikulikhulupirira, chifukwa inenso ndinaliperekapo kwa abale a odwala, maso ali pansi. Makina ofunditsidwa nsalu amapezeka m'mayiko ambiri. Ndalama zikapezeka, makina amafika pa miyezi yowerengeka. Koma munthu woti atulutse magazi a mnzake m'thupi, awadutsitse m'makina, n'kuwabweza mwiniwake ali moyo, amatenga zaka kuti apsye.

Tiyeni tiyambire pa bedi pamene abambo amagona. Namwino akawalandira amayamba wawayeza pa sikelo, kuti adziwe madzi amene aunjikana m'thupi chisefedwere komaliza. Akachotsa madzi opitirira muyezo, BP imagwa ndipo munthu amakomoka. Akachotsa ochepa, madziwo amakakhala m'mapapo, usiku wodwala n'kumagona chokhala. Akatha masamu amenewo amabaya singano ziwiri zikuluzikulu pamkono, ndipo kuyambira pamenepo magazi amatuluka m'thupi pafupifupi mamililita 300 pa mphindi iliyonse, kwa maola anayi. Singano yobwezera magazi itazuka pansi pa chofunda popanda woona, munthu angathe magazi m'mphindi zochepa chabe, ndipo si nthawi zonse pamene makina amalira zikatero.

Ndinagwirapo ntchito ndi namwino wina amene akangomva wodwala akuyasamula kawiri motsatizana, ankasiya chilichonse n'kuthamangira komweko. Makina amakhala asanalire, manambala akuoneka bwinobwino, koma iye atadziwa kale kuti BP yayamba kutsika. Ankatsitsa kumutu kwa bedi, n'kuchepetsa liwiro lochotsera madzi, n'kumamulankhula wodwalayo pang'onopang'ono mpaka maso atabwerera m'malo. Anamwino achinyamata ankaphunzira zimenezi poima pambali pake miyezi ndi miyezi. Luso lotereli silifika m'bokosi limodzi ndi makina, ndipo n'chifukwa chake m'malo ambiri namwino mmodzi amapatsidwa odwala atatu kapena anayi okha pa nthawi imodzi.

Tsono taonani masamu a makina anu atatu aja. Atamagwira ntchito kawiri pa tsiku, masiku 6 pa sabata, ndiye kuti angasefe magazi maulendo 36. Wodwala mmodzi amafunika maulendo atatu pa sabata, omwe ndi 156 pa chaka. Choncho pansi pa nsalu zija pagona chithandizo chokwanira cha anthu 12. Kukwiya kwanu kuli ndi chifukwa chomveka. Koma kuyatsa makinawo popanda kuwonjezera anamwino ndiko kuika namwino mmodzi pakati pa odwala 7 kapena 8, ndipo tsiku lina singano idzazuka iye ali mbali ina ya chipinda.

Pali munthu wina amene mwina simunamuonepo, chifukwa amafika m'bandakucha odwala asanabwere. Ameneyu ndi mmisiri woyang'anira madzi ndi makina. Pa ulendo umodzi wa dialysis, magazi a wodwala amayandikana ndi malita pafupifupi 120 a madzi, pakati pawo pali kachikopa kopyapyala kokha ka mu sefa. Madzi amene inu ndi ine tingamwe popanda vuto angathe kupha munthu wa pa dialysis, chifukwa chilichonse choipa chili m'madzimo chimalowa m'magazi mwachindunji. Mmisiriyo amatunga madzi pang'ono m'kabotolo, amadontheza mankhwala, n'kuyang'ana ngati mtundu wasintha. Akapeza chlorine, palibe amene aikidwe pa makina mpaka vutolo litakonzedwa. Mu 1996, mumzinda wa Caruaru ku Brazil, poizoni wochokera ku ndere za m'dziwe analowa m'madzi a chipatala cha dialysis, ndipo odwala oposa 50 anamwalira. Aliyense wogwira ntchito ya impso akamva dzina la mzinda umenewu amakumbukira kuti mmisiri wa madzi ndi wosunga moyo ngati dokotala yemwe.

Ndiye palinso dokotala wa opaleshoni amene amalumikiza mitsempha iwiri ya pamkono kuti ipange njira yolimba yobayapo singano, imene timaitcha fistula. Njira imeneyi anaiyambitsa madokotala a ku New York mu 1966, ndipo mpaka lero palibe ina yoiposa. Kumene dokotala woteroyo kulibe, odwala amakhala miyezi yambiri ndi kapaipi ka pakhosi, ndipo kapaipi kameneko ndi khomo la tizilombo tolowa m'magazi. Onjezanipo wa ku labotale, katswiri wa zakudya, wa mankhwala, ndi mlangizi wothandiza banja pa nkhawa ndi pa ndalama. Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga. Pa matenda a impso, mmodzi yekha mwa anthu amenewa akasowa denga lonse limapendekeka.

Tsopano ku funso lanu lachiwiri, loti kodi vutoli lili konsekonse. Bungwe la akatswiri a impso padziko lonse, la International Society of Nephrology, limachita kalembera wa chithandizo cha impso m'mayiko, ndipo latulutsa malipoti mu 2017, 2019 ndi 2023. Lipoti la 2023 linaunika mayiko 167. Linapeza kuti m'mayiko olemera muli madokotala a impso pafupifupi 25 pa anthu 1 miliyoni alionse, kutanthauza dokotala mmodzi pa anthu 40,000. M'mayiko osaukitsitsa, dokotala mmodzi amayang'anira anthu oposa 3 miliyoni. Kusiyanako ndi kwa maulendo pafupifupi 80. Mu Africa monse chiwerengerocho chili pafupi ndi dokotala mmodzi pa anthu 1 miliyoni, ndipo kumwera kwa Asia nakonso n'chotsika kwambiri. Ochepa omwe alipowo amakhala m'mizinda ikuluikulu, kumene kuli makina ndi labotale, moti wodwala wakutali amayenda tsiku lonse kuti akaonane ndi katswiri kwa mphindi khumi. Madokotala a impso za ana ndiye osowa kwambiri.

Zotsatira zake zinawerengedwa. Kafukufuku amene anasindikizidwa mu magazini ya zachipatala ya The Lancet mu 2015 anasonyeza kuti mu 2010 anthu pafupifupi 2.6 miliyoni padziko lonse ankalandira dialysis kapena anali ataikidwa impso ya munthu wina, pamene ofunika chithandizocho anali pakati pa 4.9 miliyoni ndi 9.7 miliyoni. Ngakhale titatenga chiwerengero chotsikacho, anthu oposa 2 miliyoni ayenera kuti anafa chaka chimenecho chithandizo chawo chikudziwika. Ambiri mwa iwo anali a ku Asia ndi ku Africa. Ine chiwerengero chimenechi sindinachizolowere mpaka lero, ndipo sindikufuna kuchizolowera.

Kusankha woti asefedwe ndi woti abwerere kunyumba kunayamba pamodzi ndi dialysis yeniyeniyo. Mu 1960, Dokotala Belding Scribner wa ku Seattle ku America atapeza njira yosefera magazi a munthu mobwerezabwereza, odwala anachuluka kuposa malo. Pofika 1962 kunali komiti ya anthu wamba, maina awo obisidwa, imene inkakhala pansi n'kusankha woti akhale ndi moyo. Nkhaniyo inagwedeza dziko lonselo, ndipo mu 1972 boma la America linakhazikitsa lamulo loti lizilipirira dialysis. Ku South Africa, mu 1997, bambo wina wa ku Durban dzina lake Thiagraj Soobramoney anakasuma mpaka ku khoti lalikulu loona za malamulo oyendetsera dziko atakanizidwa dialysis m'chipatala cha boma. Chipatalacho chinafotokoza kuti makina ndi anamwino ophunzitsidwa bwino anali osakwanira. Khoti linagamula mokomera boma, ndipo bamboyo anamwalira patangopita masiku ochepa. Ululu umene mukuumva inuwo, mabanja ambiri anaumva kale.

N'chifukwa chiyani anthu amenewa sakuchuluka? Choyamba ndi nthawi. Kuti munthu akhale dokotala wa impso amayamba waphunzira udokotala, kenako ukatswiri wa matenda a m'thupi, kenako zaka zina ziwiri kapena zitatu za impso zokha. Zonse pamodzi zimapitirira zaka 10. Ndiye pamafunika womuphunzitsa. Dziko limene lili ndi madokotala a impso awiri kapena atatu, onse akuona odwala kuyambira m'mawa mpaka usiku, lingatsegule bwanji sukulu? Wophunzira amayenera kupita kunja, ndipo akafika kumeneko amapeza zipangizo zonse zilipo, malipiro abwino, ana ake alowa sukulu. Ena amabwerera, ena ayi.

Apa ndi pamene nkhani ya mayiko olemera imalowa, chifukwa nawonso akulira. Anthu awo akukalamba, matenda a shuga achuluka, ndipo madokotala achinyamata sakukopeka ndi ntchito ya impso, imene ndi yolemetsa koma malipiro ake sapikisana ndi a nthambi zina. Ku America, kwa zaka zambiri malo ophunzirira ukatswiri wa impso akhala akutsala opanda owafuna, ndipo ambiri amene amawadzaza ndi madokotala ophunzira m'mayiko ena. Mu 2020, Covid-19 itavuta ku New York, odwala ambiri impso zawo zinaima mwadzidzidzi, ndipo zipatala za mumzinda wolemera chotero zinasowa anamwino a dialysis. Tsono dziko lolemera likasowa namwino limalengeza ntchito, ndipo amene amayankha ndi namwino wa ku Philippines, ku India, ku Nigeria kapena ku Ghana, yemwe dziko lake linavutika kumuphunzitsa. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linakhazikitsa mfundo zoyendetsera kalembedwe ka ogwira ntchito zaumoyo ochokera kunja mu 2010, ndipo mu 2023 linatchula mayiko 55 amene ali pa mavuto aakulu moti sayenera kukopedwa antchito awo. Mwa amenewa, ambiri ndi a mu Africa. Koma mfundozo si lamulo lokakamiza, ndipo anthu akupitabe.

Namwino amene wapita ine sindimuimba mlandu. Ndaona anamwino akugwira ntchito kuyambira m'bandakucha mpaka usiku, msana ukuwawa, akuika m'manda odwala amene anawadziwa kwa zaka, malipiro akuchedwa. Ndaonanso namwino amene waphunzira dialysis kwa chaka chathunthu akusamutsidwa kupita ku wodi ina chifukwa wolemba ndandanda amaona anamwino onse ngati ofanana. Kutaya kotereku sikufuna ndege kapena pasipoti, ndipo kungatheke kukuletsa mawa lomwe akuluakulu a zaumoyo atafuna.

Maganizo anga ndi akuti mayiko osauka sadzafika pa madokotala 25 pa anthu 1 miliyoni m'moyo wa inu ndi ine, ndipo kudikira chiwerengero chimenecho ndi kulola anthu kufa. Chofunika ndi kugawana ntchito mwanzeru. Namwino wophunzitsidwa bwino angathe kuyendetsa chipinda cha dialysis tsiku ndi tsiku, dokotala wa impso n'kumamulangiza pa foni ndi kubwera pa masiku oikika. Dokotala wamba kapena clinical officer angaphunzire kuika kapaipi ndi kuzindikira impso zimene zaima mwadzidzidzi. Zimenezi zinayesedwa kale. Pulogalamu ya Saving Young Lives, imene inayamba mu 2012, yaphunzitsa madokotala ndi anamwino omwe si akatswiri a impso, mu Africa ndi ku Asia, kusefa magazi a ana kudzera m'mimba popanda makina. Mwana amene impso zake zaima chifukwa cha malungo kapena kutsegula m'mimba nthawi zambiri amangofunika kuthandizidwa masiku owerengeka, impso n'kudzuka, iye n'kubwerera kusukulu.

Njira yosefera m'mimba imeneyi, peritoneal dialysis kapena kuti PD, ndikufuna muimvetse bwino chifukwa mwina ingakhudze abambo. Dokotala amaika kapaipi kofewa pamimba. Wodwala amalowetsa madzi apadera okwana malita awiri, amawasiya maola angapo kuti akoke zoipa za m'magazi, kenako amawatulutsa n'kulowetsa ena, kanayi pa tsiku, ali kunyumba kwake. Amene amachita ntchitoyo ndi wodwala mwini kapena mkazi wake, ataphunzitsidwa kwa sabata imodzi kapena awiri. Namwino mmodzi angathe kuyang'anira odwala 20 kapena kuposerapo. Hong Kong inasankha mu 1985 kuti wodwala aliyense woyenera aziyambira njira imeneyi, ndipo odwala ambiri kumeneko ali pa PD. Thailand inachita chimodzimodzi mu 2008 pamene inkafuna kufikitsa dialysis kwa anthu onse. Komabe padziko lonse ndi wodwala mmodzi yekha mwa 10 amene ali pa njirayi. Ili ndi zovuta zake: matumba a madziwo ndi olemera ndipo sayenera kusowa ngakhale tsiku limodzi, m'manja muyenera kukhala moyera nthawi zonse, ndipo madzi otuluka akaoneka a mbuu ndiye kuti m'mimba mwalowa tizilombo, wodwala athamangire kuchipatala tsiku lomwelo.

Kuika impso ya munthu wina ndiye chithandizo choposa zonse kwa amene thupi lawo lingalole, ndipo nakonso kumadalira anthu. Spain yakhala patsogolo pa dziko lonse kwa zaka zambiri pa zopereka ziwalo, ndipo chinsinsi chake chachikulu kuyambira 1989 chinali kuika m'chipatala chilichonse munthu wophunzitsidwa kulankhula ndi mabanja a omwalira ndi kulumikiza ntchito yonse.

Ndisabise, ngakhale anamwino atachuluka bwanji, dialysis yokha singathe kumeza mtsinje wa odwala amene ukubwera. Anthu oposa 850 miliyoni padziko lapansi ali ndi vuto lina la impso, ndipo ambiri sakudziwa, pakuti impso zimawonongeka mwakachetechete. Zoyambitsa zazikulu ndi shuga ndi BP. Wantchito wa impso wofunika kwambiri ndiye namwino wa pa chipatala chaching'ono amene amayeza BP, kuyeza mkodzo ngati muli mapuloteni, n'kuyambitsa mankhwala zaka 10 impso zisanafooke. Mu May 2025 msonkhano waukulu wa mayiko a WHO unavomereza koyamba chigamulo chokhudza thanzi la impso. Ndi chiyambi chabwino, koma chidzaoneka phindu pokhapokha maboma akaika ndalama zolembera ndi kusunga anthu. Inunso Mayi, pamodzi ndi ana ndi abale a abambo, kayezetseni BP, shuga ndi mkodzo, chifukwa matenda ena a impso amayenda m'magazi a banja.

Tibwerere kwa abambo. Kusefedwa kawiri pa sabata si muyezo wokwanira kwa odwala ambiri, koma alipo amene amakhala nako bwino ndithu, makamaka ngati akukodzabe. Choncho mkodzo wotsalawo ndi chuma, muuteteze. Asamwe mankhwala opha ululu monga ibuprofen ndi diclofenac, kapena mankhwala azitsamba, popanda kufunsa dokotala. Yezani mkodzo wa tsiku lonse m'botolo n'kukauza adokotala kuchuluka kwake, kuti akuuzeni madzi oyenera kumwa. Chepetsani mchere kwambiri, pakuti mchere ndi umene umaitana ludzu, ndipo musagule mchere wolowa m'malo umene amati ndi wa odwala BP, chifukwa umakhala ndi potassium amene angaimitse mtima. Pemphani kuti katswiri wa zakudya kapena namwino akhale nanu pansi, muunike pamodzi zimene abambo amadya. Ngati ali ndi fistula, mkono umenewo asauyezerepo BP, asatengepo magazi, asaugonere. M'mawa uliwonse ikanipo zala, mumve ngati ukunjenjemera ngati mphaka akamalira cham'mimba. Kukakhala zii, pitani kuchipatala msanga.

Kamodzi pa sabata ndiye kondidetsa nkhawa kwambiri, chifukwa ngozi zambiri zimachitika masiku akatalikirana. Sabata imene mpata wasowa, mukaona abambo akubanika, akulephera kugona chagada, miyendo yalefuka mwadzidzidzi, mtima ukugunda modumphadumpha, akusanza kosalekeza kapena akusokonezeka mutu, musadikire tsiku lawo. Pitani nawo ku chipinda cha odwala mwadzidzidzi nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku, ndipo mukafika nenani mawu oyamba kuti ndi wodwala wa dialysis ndipo anasefedwa komaliza tsiku lakuti. Siyaninso nambala yanu ya foni kwa anamwino, muwauze kuti wina akalephera kubwera akuimbireni.

Mukakumana ndi dokotala wawo, mufunseni mosapita m'mbali ngati abambo angayenere PD, ndiponso ngati nkhani yoika impso ingatheke. Kenako pezani namwino wamkulu wa chipindacho pa nthawi imene ali ndi mpata, mumufunse mwaulemu kuti pakufunika anamwino angati ndi amisiri angati kuti makina atatu aja avundukulidwe. Iyeyo chiwerengerocho amachidziwa, ndipo mwina wakhala akuchilemba m'makalata kwa zaka. Mukachimva, kambiranani ndi mabanja anzanu amene mumakhala nawo pa benchi podikira, mulembe kalata imodzi, musaine nonse, ipite kwa amene ali ndi mphamvu yolemba anthu ntchito. M'kalatamo muikemo manambala atatu: makina amene angokhala, anamwino amene akufunika, ndi anthu 12 amene akanasefedwa mokwanira sabata iliyonse.